Ngalande Inathera kwa Atelala

Msewu wathu ku Area 25, chakumunsi kwa Nsungwi, ulibe dzina. Ukamalondolera mlendo umangomuuza kuti atsike pa siteji ya pachigayo, akhotere kumanzere, azingotsetsereka mpaka aone mawaya akuluakulu a magetsi. Ndi msewu wotsetsereka ndithu, ndipo anthufe tinakhalamo motsatira kutsetserekako. Kumtunda kuli nyumba za mageti achitsulo ndi agalu onenepa. Pakati pali ife a njerwa zowotcha zomwe pulasitala wake tikumuganizirabe. Kumunsi kwenikweni kunali atelala. Ukadutsa pa atelala kulibenso nyumba, kuli malo a pansi pa mawaya pomwe saloleza kumanga, kenako khwawa lomwe limatenga madzi kupita nawo kumtsinje.

Ine ndinabwera mumsewuwu ndili kale ndi ana awiri, ndikuphunzitsa pa pulayimale ina chapafupi. Bambo akunyumba amayendetsa thiraki yopita kunja, choncho nkhani zambiri za mumsewu ndinkaziona ndekha n'kudzawafotokozera zitazizira. Nyumba yathu inali yachiwiri kuchokera kumunsi, kotero aneba anga a tsiku ndi tsiku, obwerekana nawo machesi ndi makwerero, anali atelalawo ndi akazi awo.

Anali bambo wachikulire, wamtali, wowonda, wochokera ku Mangochi, ndipo kachisoti koyera sikankachoka kumutu. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde, ndipo phokoso lake ndi lomwe linkatiuza kuti kwacha. Anasoka yunifomu ya mwana aliyense wa mumsewumo, madiresi a zikwati, ngakhale mabulauzi oyera a amayi a kutchalitchi, iwo eni ali Msilamu wosaphonya Lachisanu. Ankadziwa amene wanenepa ndi amene waonda, ankadziwanso mtsikana amene m'chiuno mwayamba kukula nthawi isanakwane, koma sukanamva nkhaniyo itatuluka pakamwa pawo. Tepi ankaiwerenga chamumtima.

Nyumba yawo ndi yomwe inayamba kumangidwa mumsewumo, kukadali tchire ndi minda. Anaumba okha zidina, njerwa zosawotcha zija, n'kumanga zipinda zitatu, ndipo patapita zaka anaipaka pulasitala wa simenti kunja n'kuiyeretsa ndi laimu. Ukaiona unkati ndi nyumba yolimba ngati zina zonse, koma m'kati mwa khomalo munali dothi basi. Kumudzi anachokako ali mnyamata, ndipo ankanena okha, mosadandaula, kuti malo awo kumeneko anagawana ena kalekale. Ana awo anakula n'kubalalika, aliyense ndi mavuto ake. Chomwe atelala anali nacho pa dziko lino chinali nyumbayo ndi makinawo.

Vuto la msewu wathu linali madzi a mvula. Ankachokera chakumsika, kutsika pakati penipeni pa msewu, n'kumakumba chigwembe chomwe chaka chilichonse chinkakula. Tinkachidyetsa zinyalala, zitsononkho, matayala akutha, koma chinkameza zonse n'kumafunabe zina. Madziwo analibe mwambo. Ankalowa pang'ono pageti la uyu, pang'ono m'khitchini ya uyo, ena n'kumwazikira m'mipata ya pakati pa nyumba, kotero aliyense ankalandira gawo lake, n'kutukwana pang'ono, n'kukolopa. Palibe amene nyumba inamugwera. Koma chaka chimenecho, mvula yoyamba itangogwa, anyamata a kabaza anakana kulowa mumsewu wathu. Ankatitsitsa pachigayo ndi katundu yemwe, n'kumati njinga si yawo, abwana awakalipira. Kenako amayi ena a kumtunda anaterereka n'kukhala pansi m'matope atavala zopita ku ukwati, ana akuona. Apo ndiye nkhani inakula.

A tcheyamani anaitanitsa msonkhano. Sindikudziwa amene anawasankha, ndipo nditafunsa nthawi ina ndinauzidwa kuti anali kale a tcheyamani ambirife tisanabwere. Anali dalaivala wopuma ntchito, wokonda jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo anali ndi zinthu ziwiri zofunika pa udindowo: mtengo wa mango pageti, ndi mabenchi.

Tinagwirizana msanga, zomwe sizichitikachitika, kuti tikumbe ngalande m'mbali mwa msewu, mbali yathu yomwe madzi amapendekera, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Zodikira kuti wina adzabwera ndi chigalimoto kudzatikonzera tinali titazisiya kale. Povuta panali pa tsiku. Loweruka ena amapemphera, ndipo otsalawo amakhala ali ku ukwati kapena ku maliro. Lamulungu ndiye osayerekeza. Lachisanu atelala ndi mabanja ena amapita kumzikiti. Masiku enawo anthu ali kuntchito, kumsika, kumaganyu. Tinaizungulira sabata yonse, n'kuizunguliranso, osapeza tsiku lopanda mwini.

Kenako anaimirira bambo wina wa kumtunda, wogulitsa zitsulo za galimoto, munthu wozolowera kuti nkhani izitha msanga.

"Bwanji tisavutane, abale. Aliyense akumbe kutsogolo kwa poloti yake, tsiku lomwe iye wapeza mpata. Oyang'anizana nyumba azithandizana. Zikalumikizana, ngalande yatha, basi."

Tinawomba m'manja. Inali nzeru yooneka yachilungamo, yosakhudza chipembedzo cha munthu, ndiponso waulesi akanaonekera poyera chifukwa chigawo chake chikanatsala chosakumba. Ineyo ndinawomba kwambiri, poti ndinali nditasiya nyemba pamoto.

Masabata otsatirawo msewu unasanduka chionetsero cha makhalidwe. A mageti achitsulo analemba aganyu n'kuwaka zigawo zawo ndi njerwa ndi simenti, ena n'kuikapo kamlatho ka galimoto. Landilodi wina anauza anthu ake a lendi kuti akumbe okha, poti ndi iwo amaponda msewuwo. Mnyamata wina wa pakati anakumba kanjira kongokwana khoswe, a tcheyamani n'kumubweza ndi ndodo yawo yoyezera. Ine ndinakumba ndi amayi oyang'anizana nane, madzulo ndikaweruka, uku tikudya miseche ya onse omwe anali asanayambe.

Atelala analibe woyang'anizana nawo, chifukwa tsidya lawo ndi kumbuyo kwa mpanda wa nyumba ya msewu wina. Anakumba okha. Anakhoma zikhomo, anamanga chingwe, n'kudula dothilo mowongoka ngati akudula nsalu ya suti, m'mbali n'kuyalamo zidutswa za njerwa zomwe anatola ndi wilibala. Chigawo chawo chinakongola kuposa zonse, ndipo a tcheyamani ankabwera ndi aulesi kuti adzaonere. Chinathera pomwe poloti yawo inathera, pangodya ya khoma la chipinda chogona. Lamulo linali lomwelo.

Kupitirira pangodyapo ndi pansi pa mawaya paja. Malowo si a munthu, ndipo aliyense akudziwa zimenezo, koma mvula ikamayandikira amakhala ndi eni ake odziwika bwino. Amayi omwe anabwera kale mumsewumo anagawana mizere zaka zambiri zapitazo, ndipo malire ake amawadziwa kuposa a mapoloti awo. Ine ndinalibe mzere ngakhale umodzi, osati chifukwa choopa lamulo ayi, ndinangofika atagawana kale. Mizere yoyambirira, yogundana ndi poloti ya atelala, inali ya amayi a mandasi, mayi wamasiye wolera zidzukulu, yemwe pa maliro aliwonse a mumsewumo ankakhala woyamba kufika, chidebe cha madzi chili pamutu. Pomwe ife tinkayamba kukumba iwo anali atadzala kale, ndipo pomwe tinkamaliza chimanga chinali chitamera bwino, chitathiridwa feteleza woyamba. Mizereyo anailima mopingasa, monga amaphunzitsira alangizi, kuti madzi asamathamange.

Pamsonkhano paja palibe anaganizako za kachigawo aka, ka pakati pa atelala ndi khwawa. Sikanali kutsogolo kwa nyumba ya munthu aliyense.

Mvula yaikulu yoyamba ngalande itatha inagwa masana. Msewu wonse tinaima m'makonde kuonerera ntchito ya manja athu. Madzi ofiira ankathamanga m'ngalandemo mwaulemu wake, atanyamula majumbo, mabotolo ndi silipasi imodziimodzi, ndipo pakati pa msewu panali pongonyowa chabe. A tcheyamani anatuluka ndi ambulera n'kumayenda m'mbali mwa madziwo ngati akuperekeza mkwatibwi. Anabwerera pageti langa poti nsapato zinayamba kulowa madzi. Akanapitirira pang'ono akanaona zomwe ine ndinaona: madzi a msewu wonse, omwe kale tinkagawana aliyense pang'ono, tsopano akutulukira pamalo amodzi, pangodya ya atelala, n'kugwera m'munda wa amayi a mandasi.

Tsiku limenelo madzi anakokolola mizere ya m'mphepete, feteleza ndi mbewu zomwe. M'mawa mwake amayi a mandasi sanakazinge. Anatenga khasu n'kuunda chimzere chachikulu m'malire mwa munda wawo, chofika pamwamba pa mawondo, n'kuchilimbitsa ndi matumba a dothi ndi zitsa za udzu. Sanakalipire munthu. Anangoteteza chimanga chawo monga aliyense akanachitira. Mvula yotsatira madzi anatsika mothamanga monga poyamba, anagunda chimzerecho, anabwerera, n'kukhazikika m'tsinde mwa khoma la atelala. Mvula itakata madzi ena onse anauma. Awa okha anatsala, ndipo posakhalitsa munayamba kulira achule.

Atelala anadikira masiku angapo, poti si munthu wothamangira kudandaula, kenako anavala mkanjo wawo wa Lachisanu n'kupita kwa a tcheyamani. Kumsonkhano wachiwiriwo kunabwera anthu ochepa, chifukwa kwa ambiri vuto la madzi linali litatha. Atelala anaimirira manja ali kumbuyo.

"Abambo ndi amayi, ngalandeyi ndi yabwino, tikuthokoza. Msewu tsopano ukuyendeka. Koma madzi onse akumathera pakhoma langa, ndipo khomalo ndi la zidina. Ndimati mwina tithandizane, tiipitirize ngalandeyi ikafike kukhwawa."

A tcheyamani anakanda m'mutu. "Zoona, abambo, zoona ndithu. Koma paja tinati aliyense kutsogolo kwake. Nanga pamenepo ndi kutsogolo kwa ndani?"

"Kwa amagetsi," anatero wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Kukumba si nkhani," anatero bambo wa zitsulo za galimoto uja. "Ine nditha kutumiza aganyu mawa lomwe, shuwa. Koma pamenepo pali chimanga cha anthu."

Amayi a mandasi sanaimirire. Anangokonza chitenje n'kuyankhula ali pansi pomwepo. "Chimanga chafika m'mawondo. Feteleza ndathira kale, ndipo mmene ndinamupezera ndikudziwa ine ndi Mulungu. Amene akufuna kudula abwere adule, koma ine ndikhale ndikuona."

Kwathu kuno, ngakhale tili m'tauni, tili ndi mafoni ndi mageti, chimanga chili m'munda sachidula. Wakuba mondokwa timamukalipira koma timamumvetsa, anali ndi njala. Koma munthu wotchetcha chimanga cha mnzake chisanakhwime sitimuonanso ngati munthu. Timayamba kukumbukira ana omwe anadwalapo modabwitsa pafupi ndi nyumba yake. Panalibe bambo wa geti lachitsulo amene akanatuma aganyu kuchita zimenezo masanasana, msewu wonse ukuona.

A tcheyamani anapeza potulukira. "Ndiye tichite chonchi. Anthu akangokolola, tsiku lomwelo, tonse ndi makasu. Ngalande mpaka kukhwawa. Tagwirizana?"

"Nanga mvulayo mwaiuza kuti idikire tikolole?" ndinafunsa. Anthu anaseka kwambiri, ena mpaka kugwirana m'manja, akuti koma aphunzitsi awa ndiye ayi. Atatha kuseka panalibenso wokumbukira kuti linali funso. Tinatseka ndi pemphero, ndipo powomba m'manja atelala anawomba nawo.

Januwale yense atelala analimbana ndi madziwo okha. Matumba nthawi imeneyo amasowa, aliyense akutchingira pakhomo pake, ndiye iwo anayamba kusoka awo. Anatenga zidutswa za nsalu zomwe zinkatsala akamatisokera, anazilumikiza, n'kupanga timatumba tomwe ankadzazamo mchenga n'kusanja m'tsinde mwa khoma. Ndikamadutsa ndinkazindikira diresi langa la pa Khirisimasi, yunifomu ya ana a kusukulu kwathu, ndi nsalu ya ukwati wa mwana wa a tcheyamani, zonse zitagona m'matope. Mvula ikakata ankatunga madziwo ndi ndowa, iwo ndi akazi awo, kukawataya kukhwawa podutsa m'kanjira ka m'chimanga. Makina ankakhala chete mpaka masana, ndipo makasitomala anayamba kudandaula kuti atelala masiku ano akuchedwetsa zovala.

Bambo akunyumba atabwera kuchokera kuulendo ndinawafotokozera zonse. Anapita kukaona, anaponyamo kamwala kuti amve kuya kwake, anapukusa mutu, n'kunena kuti akadzabweranso adzaikamba nkhaniyo ndi a tcheyamani ngati amuna. M'mawa mwake ananyamuka.

Ndinapita ndekha kwa amayi a mandasi, ndikudziona ngati kazembe. Ndinawapeza akukanda fulawa. Anandimvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza.

"Aphunzitsi, atelala aja ali ngati achimwene anga. Amuna anga atamwalira ndi iwo anandisokera diresi lakuda, ndipo sindinaiwale. Koma ndikatsegula pamenepo madziwo agwera mwa ine, akachoka mwa ine agwera mwa anzanga akumunsi, ndiye adzati ndine ndawaphera chimanga. Madziwo si ine ndinawaitana. Munawasonkhanitsa ndinu ndi ngalande yanuyo. Zidzukulu zangazi zidzadya ngalande?"

Sananame paliponse. Anandipatsa mandasi otentha kuti ndikapatse ana.

Tsiku lina m'mawa, ndikusesa panja, ndinaona atelala akupita kuchimzere chija khasu lili paphewa. Panalibe munthu wina pafupi. Anaima pamwamba pake nthawi yaitali akuyang'ana chimanga, chomwe tsopano chinali chitawapitirira m'chiuno, chobiriwira mpaka kuoneka chakuda. Anatsitsa khasu, analikwezanso, kenako anabwerera n'kukaliimika pakhonde. Atandiona anamwetulira mwamanyazi.

"Dzanja likukana, amayi aphunzitsi. Inenso ndinakulira m'munda."

"Koma nyumbayi ikugwa, abambo."

"Mwina ipirira. Kukolola sikuli kutali."

Sinapirire. Chinyezi chinkakwera pakhomalo sabata ndi sabata, ndipo m'chipindamo munayamba kununkha ngati m'dzenje. Pulasitala anang'ambika kuchokera pansi mpaka pawindo. Anasamutsa bedi n'kumagona pabalaza. Mu Febuluwale kunagwa mvumbi wosalekeza, kenako Loweruka lina kunacha kuli ngwee, aliyense n'kutulutsa zovala ndi mabulangete kuti ziume. Khomalo linagwa tsiku limenelo, masana, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Silinachite phokoso lalikulu. Ndinali ndikuyanika zovala, ndipo ndinangomva kuti khu, ngati munthu watula thumba la chimanga. Nditasuzumira kuseri kwa mpanda ndinaona chipinda chili poyera, neti ya udzudzu ikulendewerabe pamsomali, malata atapendekeka. Pulasitala uja anasweka ngati chigoba cha dzira, m'kati mwake n'kutuluka phala la dothi. Palibe anavulala. Atelala anali pakhonde akupinda buluku la munthu, ndipo anamaliza kaye msokowo asanaimirire.

Tsiku lomwe tinalisowa pamsonkhano paja linapezeka pomwepo. Opemphera Loweruka anabwera ndi zovala za kutchalitchi, a ku ukwati anasiya ukwati, a mageti achitsulo anatuluka okha osatuma aganyu. Pa tsoka ndiye timadziwa ntchito, palibe wotiposa. Ena anatulutsa katundu, ena anachirikiza denga ndi mitengo, wina anabweretsa lona, a tcheyamani anapereka chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo. Amayi anayatsa mbaula kuti aphike tiyi. Aliyense ankati pepani, pepani, ndipo ankanena kuchokera pansi pa mtima. Ine zinandinyansa, ndipo ndinanyamula nawo mbale ndi mipando nditatseka pakamwa.

Abambo ankalephera kugwira bwino ntchito chifukwa cha thamanda lija, lomwe linkawalekeza m'misongolo. Apo amayi a mandasi anafika. Anayang'ana chipinda chili poyeracho, n'kutenga khasu la atelala pomwe linali pakhonde. Sanafunse munthu. Anakwera pachimzere chawo n'kuchigumula pakati, misozi ikutsika. Madzi anatuluka, anatsata kanjira ka m'mphepete mwa minda komwe atelala ankadutsa ndi ndowa, n'kukagwera m'khwawa. Tiyi asanawire thamanda lonse linali litatha. Tinapita kukaona zomwe zawonongeka. Tinapeza mapesi owerengeka atagona, ndipo patapita masiku ochepa ambiri a iwo anadzuka okha. Dothi la khoma lija abambo analiwola ndi mafosholo n'kuliponya m'munda momwemo, poti ndi momwe munali malo.

Makoma otsalawo nawo anali atamwa madzi, ndipo mmisiri amene anabwera kudzaona anati nyumbayo ndi yogwetsa basi. Zidina saumba nthawi ya mvula, ndipo njerwa zowotcha ndi simenti si za munthu wosoka mayunifomu. Zinakambidwa zoti msewu wonse uthandize kumanganso, koma zinazilala momwe zimazilalira. Atelala anakhala kwa a tcheyamani mpaka mu Epulo, akuyenda mopepesa pabwalo la eni, kenako anagulitsa polotiyo kwa munthu wina wa m'tauni n'kupeza chipinda cha lendi ku Mgona.

Tsiku lochoka linagwera nthawi ya mondokwa. Chimanga cha pansi pa mawaya chinabereka modabwitsa chaka chimenecho, makamaka mizere yoyambirira. Pikiapu itadzaza, amayi a mandasi ndi anzawo anabwera ndi beseni la chimanga chachiwisi, chochita kusankha, kuti akaotche kumalo atsopanoko. Atelala analandira ndi manja awiri, anawerama pang'ono, n'kuthokoza mayi aliyense payekha. Besenilo analiika pambali pa makina kuti liwagwirize asagwe pamabampu. Akazi awo anali atakwera kale kutsogolo, atafunda chitenje kumutu, ndipo sanatsegule windo.

Anthu anakolola. Tsiku la makasu lija silinafike, ndipo sindikuti panali wokana ayi. Kungoti mu Meyi kulibe madzi, ndi fumbi lokhalokha, ndipo n'kovuta kuitanira anthu ntchito ya madzi omwe sakuwaona. Pomwe mitambo inkayambanso kuda, mizere inali itaundidwa kale, chimzere chija chitabwerera pamalo pake. Wogula poloti uja anabweretsa malole a dothi, anakweza malowo, n'kumanga mpanda wa maziko a konkire, wotalika kuposa denga langa. Ngalande yowongoka ya atelala ija anaikwirira kuti pakhale polowera galimoto.

Ndinakumana nawo chaka chatha pakhonde la golosale ina ku Mgona, ndikuchokera ku maliro a mnzathu wa kuntchito. Ndinawazindikira ndi phokoso la makina ndisanawaone nkhope. Aonda kuposa kale, koma kachisoti ndi komweko. Anandipatsa mpando, anafunsa za bambo, za ana, za a tcheyamani, za amayi a mandasi ndi zidzukulu zawo. Kenako, phazi likupalasabe, anafunsa:

"Ngalande ija munaimaliza?"

"Ayi. Anadzalanso."

"Nanga madzi akumaima pati tsopano?"

"Pakhoma langa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kudula ulusi ndi mano. "Lanu ndi la njerwa zowotcha, lichedwapo." Anawerama n'kukoka chithumba chomwe chinali pansi pa makina, chodzaza zidutswa za nsalu za anthu omwe sindikuwadziwa. "Ndikusokerani timatumba. Mudzabwere Lachinayi, Lachisanu sindikhalapo."